Ernie Chambers wa ku Nebraska: kodi lamulo la materemu linachita bwino kumuchotsa?

aMbewe, Zomba

Abale ndi alongo a pagulu pano, ndikupempha kuti tikambirane za munthu amene dzina lake silimveka kawirikawiri kwathu kuno, ngakhale kuti anakhala m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Nebraska ku America kwa zaka 46, zomwe palibe seneta wina aliyense wa chigawocho anazikwanitsa. Munthuyu ndi a Ernie Chambers. Anabadwa pa 10 Julayi 1937 mumzinda wa Omaha, kumpoto kwa mzindawo kumene anthu akuda ankakhala mothithikana chifukwa eni nyumba ndi mabanki sankawalola kugula kapena kuchita lendi m'madera ena. Bambo awo anali mlaliki. Anamaliza sekondale mu 1955, ndipo mu 1959 analandira digiri ya mbiri yakale pa yunivesite ya Creighton, yomwe ndi ya ansembe a Chikatolika a chipani cha Jesuit. Pambuyo pake anaphunziranso zamalamulo pa yunivesite yomweyo, koma sanagwirepo ntchito ya uloya chifukwa anakana kulowa m'bungwe la maloya la chigawocho, ponena kuti munthu amene wakhoza maphunziro ake sayenera kulipiranso bungwe kuti aloledwe kugwira ntchito imene waiphunzira. Ntchito imene anthu a ku Omaha ankawadziwa nayo inali yometa tsitsi.

Analowa m'nyumba ya malamulo mu Januwale 1971 kuimira dera la nambala 11, ndipo anthu a deralo anapitiriza kuwasankha mpaka mu 2009 pamene lamulo latsopano loletsa seneta kupitirira materemu awiri otsatizana linawakakamiza kutula pansi udindo. Atakhala kunja zaka zinayi anapikisananso mu 2012, anapambana, ndipo anakhalanso materemu awiri mpaka mu Januwale 2021. Kwa zaka zambiri iwo okha ndiwo anali munthu wakuda m'nyumbamo, ndipo sanali wa chipani cha Democratic kapena cha Republican.

Funso langa ndi lakuti: ngati anthu a dera lina akufuna munthu mmodzi yemweyo chisankho chilichonse, kodi ndi chilungamo kuti anthu a madera ena, amene sakumufuna, akhazikitse lamulo lomulepheretsa kupikisana? Ine ndikuona kuti sichinali chilungamo, koma ndikufuna ndimve maganizo anu.

aTembo, Chipata

Zikomo aMbewe potibweretsera nkhaniyi. Ndisanapereke maganizo anga ndikufuna ndimvetse kaye chinthu chimodzi. Ife tikamva za seneta wa ku America timaganiza za aja amakhala ku Washington, amene amavomereza nduna ndi oweruza osankhidwa ndi pulezidenti. Kodi a Chambers anali mmodzi wa amenewo, kapena udindo wawo unali wina?

Nachisale, Lilongwe

Udindo wawo unali wina, aTembo, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kuti nkhani yonseyi imveke. Ku Washington kuli maseneta 100, awiri kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za dzikolo. Koma chigawo chilichonse chilinso ndi bwanamkubwa wake, makhoti ake ndiponso nyumba yake ya malamulo, ndipo nyumba zimenezi ndi zimene zimapanga malamulo okhudza sukulu, apolisi, ndende, misonkho ya m'chigawo ndi zilango za milandu yambiri, kuphatikizapo chilango cha imfa. Tinganene kuti zambiri zimene zimakhudza moyo wa tsiku ndi tsiku wa munthu wamba ku America zimakambidwa m'nyumba za m'zigawozi. A Barack Obama anayambira pa udindo wotere ku Illinois kuyambira 1997 mpaka 2004, ndipo a Jimmy Carter anali seneta wa chigawo cha Georgia m'zaka za m'ma 1960.

Nebraska ndi yosiyana ndi zigawo zonse pa zinthu ziwiri. Choyamba, zigawo zina 49 zili ndi nyumba ziwiri, koma Nebraska ili ndi nyumba imodzi yokha, yomwe anthu anaivomereza pa voti mu 1934 molimbikitsidwa ndi a George Norris, seneta woimira chigawocho ku Washington, ndipo inayamba kukumana mu 1937, chaka chomwe a Chambers anabadwa. Muli mamembala 49, onse amatchedwa maseneta, ndipo amakumana mumzinda wa Lincoln kwa masiku 90 chaka china ndi masiku 60 chaka chotsatira. Malipiro awo ndi madola 12,000 pachaka, ndalama zochepa kwambiri pa moyo wa kumeneko. Chachiwiri, papepala loponyera voti salembapo chipani cha wopikisana, ndipo m'nyumbamo mulibe mbali ya boma ndi mbali yotsutsa monga tinazolowera ife, ngakhale kuti aliyense amadziwa kuti ambiri mwa iwo ndi a Republican.

Pamene palibe nyumba yachiwiri yoti iunikenso bilu, chitetezo chokha choletsa lamulo loipa kudutsa mothamanga ndi ndondomeko ya zokambirana. Bilu iliyonse imayenera kudutsa magawo atatu, ndipo kuti atseke pakamwa seneta amene akutalikitsa zokambirana pamafunika mavoti 33. Ife a ku Malawi tiyenera kuimvetsa bwino mfundoyi, chifukwa malamulo athu aakulu a mu 1994 anali ndi gawo lokhazikitsa seneti, koma aphungu analichotsa mu 2001 senetiyo isanakumaneko ngakhale kamodzi.

aMbewe, Zomba

Mwafotokoza bwino, Nachisale. Ndiwonjezere za zaka zimene a Chambers anali asanalowe m'nyumbayo, chifukwa munthu sangamvetse ukali wawo popanda kudziwa kumene anachokera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ankagwira ntchito ku positi ofesi ya ku Omaha, ndipo anachotsedwa ntchito atadzudzula mabwana amene ankaitana antchito akuda, anthu akuluakulu a mabanja awo, ngati tianyamata. Atachoka kumeneko ndi pamene anakhazikika pa ntchito yometa, ndipo malo ometerawo anasanduka bwalo la anthu a kumpoto kwa Omaha, kumene munthu womenyedwa ndi apolisi kapena mayi amene mwana wake wachitiridwa nkhanza kusukulu ankapita kukadandaula.

M'chilimwe cha 1966 kunabuka zipolowe m'derali, mpaka asilikali a chigawo anaitanidwa, ndipo a Chambers ndi amene analankhulira achinyamata pamaso pa meya wa mzindawo. Chaka chomwecho kunatuluka filimu yojambula zochitika zenizeni za m'busa wachizungu wa mpingo wa Lutheran ku Omaha, amene ankayesa kulimbikitsa akhristu ake kuti azichezerana ndi akhristu akuda a mpingo womwewo. M'busayo anapita kumalo ometera kuja, ndipo a Chambers, lumo lili m'manja, anamuuza mosapita m'mbali kuti mpingo wake sudzamumvera. Zinachitikadi motero, pakuti m'busayo anatula pansi udindo wake. Mu Juni 1969 wapolisi anawombera ndi kupha mtsikana wakuda wa zaka 14, Vivian Strong, ndipo mzindawo unayakanso moto kwa masiku angapo.

A Chambers anayesa kulowa mu komiti yoyendetsa sukulu mu 1968 komanso mu khonsolo ya mzinda mu 1969, koma konseko analephera. Chifukwa chake chinali chakuti mipando imeneyi inkavoteredwa ndi mzinda wonse pamodzi, kotero kuti mavoti a anthu akuda ankamira m'mavoti a azungu, amene anali ochuluka kwambiri. Mpando wa useneta unali wosiyana chifukwa unkavoteredwa ndi dera limodzi lokha, ndipo n'chifukwa chake anapambana mu 1970, seneta wakale wa deralo, a Edward Danner, atamwalira ali pa udindo. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti atalowa m'nyumbamo sanaiwale chimene chinawagwetsa, koma analimbikira kwa zaka zambiri mpaka padadutsa malamulo akuti komiti ya sukulu, khonsolo ya mzinda wa Omaha ndi khonsolo ya boma la Douglas, momwe muli mzindawo, zizisankhidwa dera ndi dera. Munthu wakuda woyamba kusankhidwa kukhala khansala wa mzinda wa Omaha, a Fred Conley, analowa mu 1981 kudzera pa khomo limeneli.

aNkhoma, Ntcheu

Ine ndikufuna ndikumbutse gulu kuti nkhani ya bambo ameneyu imatikhudza ifenso a kuno kummwera kwa Africa, ndipo imatikhudza kudzera mu golide. Kuyambira mu 1967 dziko la South Africa linkasula ndalama yagolide yotchedwa Krugerrand, yokhala ndi nkhope ya Paul Kruger, mtsogoleri wakale wa Mabunu, n'kumaigulitsa kwa anthu olemera a ku America ndi ku Ulaya amene ankafuna kusunga chuma chawo mu golide. Ndalamayi inkabweretsera boma latsankho chuma chambiri. Golide ameneyo ankakumbidwa ndi anthu akuda pa malipiro ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo anali makolo athu amene ankapita ku Joni kudzera ku Wenela. M'midzi yathu kuno ku Ntcheu mabanja ambiri ali ndi agogo amene anabwerako ndi chifuwa chosapola, ndipo sitiiwala ndege imene inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi.

Tsono munthu wina anapereka mphatso ya ndalama zagolide zimenezi ku thumba la yunivesite ya Nebraska, ndipo yunivesiteyo inalandira. A Chambers atamva anakwiya, ndipo mu 1980 anabweretsa m'nyumba ya malamulo chigamulo chopempha kuti ndalama za chigawocho zichotsedwe m'makampani ochita malonda ndi South Africa. Chigamulocho chinadutsa, ndipo Nebraska inakhala chigawo choyamba ku America konse kuchita zimenezi. Mu 1984 anakhwimitsa nkhaniyi n'kukhala lamulo lokakamiza, kotero kuti thumba la penshoni ya antchito a boma linagulitsa masheya ake m'makampani otere. Boma lalikulu ku Washington linadzatsatira mochedwa mu 1986, pamene nyumba ya malamulo ya dziko lonse inakhazikitsa zilango pa South Africa ngakhale kuti pulezidenti Ronald Reagan anakana kusaina, ndipo lamulo limenelo linaletsanso kulowetsa Krugerrand m'dzikomo.

Taganizirani kuti nthawi imeneyo boma lathu la Malawi linali pa ubale waukazembe ndi Pretoria kuyambira mu 1967, pamene wometa tsitsi wa m'chigawo cha alimi a chimanga ndi ng'ombe, kutali ndi Africa, ankaumiriza anzake 48 kuti asadye nawo phindu la thukuta la makolo athu. Pa chifukwa chimenechi chokha ine ndimamulemekeza munthuyu.

aBanda, Johannesburg

Ndikugwirizana nanu aNkhoma, ngakhale kuti tisakulitse nkhaniyi kupyola muyeso wake. Ndalama za penshoni za chigawo chokhala ndi anthu osakwana 2 miliyoni sizikanagwedeza boma la Pretoria pazokha, ndipo amene anagwetsa ulamuliro watsankho ndi anthu a kuno amene anafera m'misewu ya Sharpeville ndi Soweto komanso m'ndende. Kufunika kwa zimene a Chambers anachita kunali kwakuti anatsegula njira pamalo pomwe anthu sankayembekezera. Chigawo cha anthu osunga mwambo, chomwe chimavotera a Republican pafupifupi chisankho chilichonse cha pulezidenti, chitachita zimenezi, zigawo zina ndi mizinda ina zinasowa chowiringula, ndipo zinatsatira chimodzi ndi chimodzi m'zaka za m'ma 1980.

Nangondo, Leeds

Pepani akuluakulu, ine ndilankhula mosiyana pang'ono, chifukwa tikangotchula zabwino zokhazokha ndiye kuti sitikukambirana koma tikutamanda. Munthu ameneyu, mwana wa mlaliki, anakula n'kukhala wosapembedza, ndipo chimenecho ndi ufulu wake. Koma anatengera kukhoti nyumba ya malamulo imene iye mwini anali membala wake pofuna kuletsa pemphero lotsegulira zokambirana, ndipo mu 2007 anakasuma mlandu wotsutsana ndi Mulungu weniweniyo ku khoti la boma la Douglas. Kwa ine monga mkhristu chimenechi ndi chipongwe chachikulu, ndipo sindikhulupirira kuti amayi a m'mipingo ya kumpoto kwa Omaha, amene ankamuvotera, anakondwera nacho.

Chinanso, mu 2015 pa msonkhano wa komiti yokambirana za mfuti anayerekeza apolisi ndi zigawenga za ISIS, ndipo anzake atamupempha kuti apepese anakana. Ndikudziwa bwino mbiri ya apolisi ndi anthu akuda ku America, ndipo aMbewe atikumbutsa za mtsikana uja anaphedwa mu 1969, koma mtsogoleri amene mawu ake amamveka kwa achinyamata okwiya ayenera kuyeza chimene akunena. Munthu akakhala pampando zaka makumi anayi popanda mantha oti angagwe pa chisankho, amafika poona ngati palibe amene angamudzudzule. Mwina anthu a ku Nebraska anaona zimenezi pamene ankavotera malire a materemu.

Nachisale, Lilongwe

Achemwali a ku Leeds, pa mawu aja onena za apolisi sindikutsutsani, chifukwa inenso ndikuona kuti analankhula mopyola malire. Koma pa milandu iwiriyo ndikupempha kuti tiione mwatsatanetsatane. Nyumba ya malamulo ya Nebraska inali ndi m'busa mmodzi wa mpingo wa Presbyterian, a Robert Palmer, amene anakhala pa udindowo kuyambira mu 1965 ndipo ankalipidwa mwezi ndi mwezi kuchokera ku misonkho ya anthu onse, Akatolika, Ayuda ndi osapembedza omwe. Malamulo aakulu a dziko la America amaletsa boma kukhazikitsa chipembedzo, ndipo funso la a Chambers linali lakuti kodi kulipira m'busa wa mpingo umodzi kwa zaka 16 sikukhazikitsa chipembedzo. Funsoli silinali lopanda nzeru, pakuti khoti loyamba linagamula kuti malipirowo ndi olakwika, ndipo khoti la apilo linagamula kuti mwambo wonsewo ndi wolakwika. Khoti lalikulu la dziko lonse ndi limene linatembenuza chigamulocho mu Julayi 1983, oweruza asanu ndi mmodzi motsutsana ndi atatu, ponena kuti kupemphera m'nyumba za malamulo ndi mwambo umene unayamba pamodzi ndi dzikolo. Mlanduwo umatchedwa Marsh v. Chambers, ndipo ophunzira zamalamulo ku America amauwerenga mpaka lero. A Chambers anagonja, koma anagonja pa funso limene oweruza akuluakulu enieniwo anagawanika nalo.

Mlandu wa mu 2007 unali ndi cholinga chokhudza makhoti, osati kumwamba. Nthawi imeneyo kunali mkangano wa milandu imene ena ankaitcha yopanda pake, ndipo iwo ankafuna kuonetsa kuti malamulo a chigawocho amatsegula khomo la khoti kwa munthu aliyense pa dandaulo lililonse. Woweruza anauthetsa mu 2008 ponena kuti woimbidwa mlanduyo alibe keyala yoti angapatsidwire chisamani. Ndikuvomereza kuti akanatha kusankha njira ina yosapweteka mitima ya okhulupirira, koma tisaiwale kuti anthu a m'mipingo omwewo anawavoteranso mu 2012 ndi mu 2016, nkhaniyi akuidziwa.

aTembo, Chipata

Tsopano ndamvetsa, ndipo ndiyankhe funso la aMbewe. Ine ndili kumbali ya malire a materemu. Ife a ku Zambia ndi inu a ku Malawi tikudziwa chimene chimachitika munthu akakhalitsa pampando, ndipo maiko onse awiri anakana teremu yachitatu, kwathu mu 2001 pa nthawi ya a Chiluba ndipo kwanu mu 2002 pa nthawi ya a Muluzi. Lamulo la ku Nebraska linavomerezedwa ndi anthu a chigawo chonse pa voti ya mu 2000, ndipo silinatchule dzina la munthu, koma linagwira maseneta onse mofanana, azungu a Republican amene anakhalitsa nawonso anachoka. Komanso silinawatsekere khomo mpaka kalekale, chifukwa atapuma zaka zinayi anabwerera. Kodi m'dera lonse la kumpoto kwa Omaha munalibe mwana wina wanzeru amene akanaphunzira ntchitoyi m'zaka zonsezo? Mtsogoleri wabwino amakonzekeretsa omulowa m'malo, ndipo mtengo waukulu ukatalikitsa mthunzi, timitengo ta pansi pake sitikula.

aMbewe, Zomba

ATembo, mfundo yanu ndi yolemera, koma ndikuona kuti mukuphatikiza maudindo awiri osiyana. Pulezidenti amalamulira asilikali, apolisi ndi thumba la boma, ndipo akakhalitsa amagwiritsa ntchito zida zimenezi kuti asachoke, n'chifukwa chake timamuikira malire. Seneta mmodzi mwa 49, wopanda chipani, wolandira madola 12,000 pachaka, alibe chida china koma voti imodzi, pakamwa pake ndi zimene akudziwa. Mukamuchotsa chifukwa cha zaka, chimene mwachotsa ndi luso limene analisonkhanitsa, ndipo amene amapindula ndi akuluakulu a m'maofesi a boma ndiponso anthu olipidwa ndi makampani kuti azinyengerera maseneta, pakuti onsewa alibe malire a materemu ndipo amakhala akudziwa zambiri kuposa seneta watsopano.

Mphamvu ya a Chambers inachokera pa kuwerenga. Ankawerenga bilu iliyonse mzere ndi mzere, ankadziwa buku la ndondomeko za nyumbayo kuposa wina aliyense, ndipo akaona bilu yopondereza anthu osauka ankabweretsa zosintha zambirimbiri, chilichonse n'kumachilankhulira nthawi yonse imene ndondomeko ikulola. Popeza nyumbayo ili ndi masiku owerengeka pachaka, maola amene iwo ankadya ankachititsa kuti mabilu a anzawo asowe nthawi, choncho eni bilu ankakakamizika kubwera kudzakambirana nawo. Ngakhale adani awo ankavomereza kuti malamulo ambiri olembedwa mosasamala anakonzedwa chifukwa cha iwo. Ankabwera kuntchito atavala sikipa ndi jinzi pakati pa anzawo a masuti, ndipo sankapita ku maphwando okonzedwa ndi onyengerera aja.

Sanali wongotsekereza basi. Malamulo oletsa kukwapula ana m'sukulu za boma, okakamiza kuti gulu la nzika losankhidwa ndi khoti lifufuze imfa ya munthu aliyense womwalira ali m'manja mwa apolisi kapena m'ndende, ndiponso olamula boma kulipira munthu wosalakwa amene wavulala apolisi akuthamangitsa galimoto, onsewa ali ndi dzanja lawo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 ankanena kuti anyamata osewera mpira wa yunivesite ya Nebraska, amene amabweretsa ndalama zankhaninkhani, ayenera kulipidwa, ndipo anthu ankawaseka, koma lero osewera a m'mayunivesite a ku America amaloledwa kupeza ndalama. Lamulo la mu 2000 silinatchule dzina, n'zoona, koma iwo eni ankanena poyera kuti linapangidwira iwo, ndipo anthu ambiri a ku Nebraska sankatsutsa zimenezo.

Nangondo, Leeds

AMbewe, pa mndandanda wanu mwasiyapo nkhani ya sukulu ya mu 2006, imene inadabwitsa dziko lonse la America. A Chambers anabweretsa chosintha chogawa sukulu za boma za ku Omaha m'magawo atatu, ndipo malinga ndi mmene anthu amakhalira mumzindawo, gawo lina likanakhala la akuda ambiri, lina la anthu olankhula Chisipanishi, lina la azungu. Bwanamkubwa Dave Heineman anasaina, koma bungwe la NAACP, lomwe lamenyera ufulu wa anthu akuda kuyambira mu 1909, linatengera lamuloli kukhoti ponena kuti likubwezeretsa tsankho m'sukulu. Iwo ankayankha kuti sukuluzo zinali zogawanika kale, ndipo chimene ankafuna n'chakuti makolo akuda azilamulira okha sukulu za ana awo. Ndikumvetsa kukhumudwa kumene kunabala maganizo amenewa, koma gawo la anthu osauka likanakhalabe losauka, ndipo n'chifukwa chake ndikuona kuti nyumbayo inachita bwino kulifafaniza mu 2007 lisanayambe kugwira ntchito. Apa luso lawo la ndondomeko linadutsitsa chinthu chimene sichinaganiziridwe mokwanira.

Nachisale, Lilongwe

Nkhani imene ingatithandize kuyeza funso la aMbewe ndi ya chilango cha imfa, chifukwa ndi imene a Chambers anaimenyera moyo wawo wonse. Pafupifupi chaka chilichonse ankabweretsa bilu yothetsa chilangochi. Mu 1979 inadutsa, koma bwanamkubwa Charles Thone anakana kusaina, ndipo mavoti ogonjetsera kukanako sanakwane. M'zaka za m'ma 1990 chigawocho chinapha akaidi atatu pa mpando wamagetsi, womaliza mu 1997. Zigawo zina zonse zitasiya kudalira mpandowo, Nebraska inatsala yokha, ndipo chifukwa china chinali chakuti a Chambers ankatsekereza bilu iliyonse yofuna kubweretsa jakisoni wa poizoni, podziwa kuti makhoti sadzachedwa kuletsa magetsi. Mu Febuluwale 2008 khoti lalikulu la chigawocho linagamuladi kuti mpando wamagetsi ndi chilango chankhanza, ndipo chigawocho chinatsala ndi chilango cha imfa chopanda njira yochiperekera. Onani tsono chimene chinachitika: a Chambers anachoka mu Januwale 2009 chifukwa cha materemu, ndipo chaka chomwecho nyumbayo inavomereza jakisoni.

Atabwerera anayambiranso, ndipo mu 2015 zinthu zinali zitasintha. Anthu asanu ndi mmodzi a m'tauni ya Beatrice, amene anamangidwa pa mlandu wa mayi wina yemwe anaphedwa mu 1985, ena atavomera mlanduwo chifukwa choopsezedwa ndi mpando wamagetsi, anapezeka osalakwa mwa kuyeza DNA atakhala kale m'ndende zaka zambiri. Mankhwala ophera ankasowa chifukwa makampani ankakana kugulitsa, ndipo milandu ya apilo inkadya ndalama zambiri. Maseneta a Republican, ena chifukwa cha chikhulupiriro chawo cha Chikatolika, ena chifukwa chosafuna kuwononga misonkho, anagwirizana ndi munthu wosapembedza uja. Biluyo inadutsa ndi mavoti 32 kwa 15, bwanamkubwa Pete Ricketts anakana kusaina, ndipo pa 27 Meyi 2015 nyumbayo inagonjetsa kukanako ndi mavoti 30 kwa 19, chiwerengero chenicheni chofunika popanda voti yotsala. Chinali chigawo choyamba cha anthu osunga mwambo kuthetsa chilangochi kuchokera pamene North Dakota inatero mu 1973.

Chipambanocho sichinakhalitse. Otsutsa anasonkhanitsa masaini okwanira kuimitsa lamulolo ndi kuitanitsa riferendamu, bwanamkubwa ndi bambo ake anaikapo ndalama zawo zambiri, ndipo mu Novembala 2016 anthu pafupifupi 61 pa 100 alionse anavota kuti chilango cha imfa chibwerere. Mu Ogasiti 2018 chigawocho chinapha mkaidi Carey Dean Moore, amene anakhala akudikira imfa kwa zaka 38, ndipo kanali koyamba ku America kugwiritsa ntchito mankhwala a fentanyl popha mkaidi.

aTembo, Chipata

Nachisale, zimene mwafotokozazi zikulimbitsa mbali zonse ziwiri. Ndikuvomereza kuti kuchoka kwawo mu 2009 kunasintha zinthu nthawi yomweyo, ndipo umenewu ndi umboni wakuti luso la munthu mmodzi linali ndi kulemera. Koma riferendamu ya mu 2016 ikuonetsanso kuti kwa zaka zambiri munthu mmodzi ankatsekereza chimene anthu ambiri a chigawocho ankafuna. Ine sindigwirizana ndi chilango cha imfa, ndipo ndinakondwa pamene dziko lathu linachithetsa mu Disembala 2022, koma ndimavutika mumtima kuvomereza kuti njira yoyenera ndi yakuti wodziwa ndondomeko azigonjetsa ochuluka powatopetsa. Mawa wodziwa ndondomekoyo akhoza kukhala munthu wotsekereza lamulo labwino.

aNkhoma, Ntcheu

Chimene mukuopacho n'choona, aTembo, ndipo chida chimenechi chimagwira m'manja mwa aliyense. Koma tikumbukire amene a Chambers ankawaimira. Anthu akuda ku Nebraska ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndipo pa voti ya chigawo chonse sangapambane pa nkhani iliyonse imene azungu ochuluka agwirizana, monga mmene aMbewe atisonyezera pa zisankho za khonsolo za 1968 ndi 1969. Mavoti 33 otsekera zokambirana anaikidwa ndi nyumbayo yokha, ndipo amathandiza kuti ochuluka asamangodutsa popanda kumvetsera ochepa, ndipo a Chambers sanaphwanye ndondomeko, koma anaigwiritsa ntchito mpaka pamapeto pake. Pamene ochuluka anafunitsitsa chinthu, monga mu 2016, anachipeza.

Pa funso lanu loti kodi kunalibe mwana wina wa m'deralo, anthu a dera la nambala 11 anayankha okha. Kuyambira 2009 mpaka 2013 anaimiridwa ndi mayi Brenda Council, loya wakuda amene anakhalapo khansala wa mzinda komanso membala wa komiti ya sukulu, ndipo atapatsidwa mwayi wosankha pakati pa awiriwo mu 2012 anabwezeretsa a Chambers, amene panthawiyo anali ndi zaka 75. Mu 2020 lamulo lija litawaletsanso, deralo linasankha a Terrell McKinney, mnyamata wobadwira komweko mu 1990, pamene a Chambers anali atakhala kale m'nyumbamo zaka pafupifupi 20. Ine ndikadakonda kuti kusintha kumeneku kuchitike chifukwa anthu a kumpoto kwa Omaha afuna okha pa tsiku la chisankho, osati chifukwa alimi a kumadzulo kwa chigawocho, amene sanavoterepo mpando umenewu, awasankhira nthawi yosinthira.